Buku la Kumunda Limakhala Pansi

Iwe Tadala, musiye Mphatso, si iye amene wasokoneza mabukuwo. Mwana ameneyu amalephera kubweza chivundikiro cha ndowa pamalo pake, ndiye angakwere pampando, kutsitsa sutikesi, kusankha buku limodzi lokha n'kulilowetsa pansi pa anzake? Khalani pansi nonse awiri, kokani lichero muziswa mtedzawu. Agogo anu aakazi apita kumapemphero a amayi, ndipo nkhaniyi ndikufuna ndiimalize asanabwere, poti iwo sakonda kuti izikambidwa.

Mlandu wako ndaumva. Dzulo unakhala pamkeka masana onse ndi foni m'manja, kusanja mabuku anga azithunzi motsata mmene eni ake anawatulutsira. Buku la kumunda unaliika pamwamba chifukwa foni yati ndilo loyamba. Lero wapeza labwerera pansi penipeni, pamene lakhala likugona kuyambira iwe usanabadwe, pamalo a buku lomaliza. Amene wachita zimenezi ndikuuza, koma uyambe wamva mmene bukulo linafikira pansipo.

Mabukuwa ndinayamba kutolera ndili mnyamata, ndili tenanti pa esiteti ina ya fodya cha kwa Mkanda. Ndinachokera ku Dedza ndi bulangete limodzi ndi khasu la amalume. Ana inu simungamvetse kuti pepala linali chinthu chosowa, inu amene mumang'amba kope pakati kuti mupange ndege. Nthawi imeneyo pepala likapezeka linkakulungira mchere kapena kupichirira fodya wa chingambwe, basi. Ntchito ina ija imene Mphatso akusekerayo tinkathana nayo ndi zitsononkho, ndipo palibe anafa nazo.

Paboma panali sitolo ya Che Amadu, Myao wa ku Mangochi, munthu wosapupuluma amene ankayeza mchere ngati akuyeza mankhwala. Mapepala okulungira katundu ankawatenga ku Chipata, mitolo ya nyuzi zakale yogulitsidwa pasikelo. Tsiku lina nditafika kunyumba n'kumasula mchere wanga, ndinapeza munthu akundiyang'ana papepalapo. Anali wojambulidwa, wovala jekete lazigamba, atagwira mnzake pakhosi m'mphepete mwa mlatho, ndipo pakamwa pake mano akutsogolo panalibe. Mcherewo ndinaukhuthulira m'chikho, pepala ndinaliyanika padzuwa, ndipo ndinaliyang'ana mpaka ndiwo zinapserera.

Ulendo wotsatira ndinafunsa Che Amadu ngati anali ndi ena otero. Anaseka, natulutsa kabuku kong'ambidwa kale. Ndinawapempha kuti asamang'ambe, ine ndiziwabweretsera mapepala ena m'malo mwake. Iwo anati palibe vuto, pepala ndi pepala, mchere sudziwa kuwerenga. Kuyambira pamenepo ndinkatola mapepala a matumba a simenti ndi nyuzi zimene akalaliki a pa esiteti ataya, n'kupalasa njinga yobwereka mpaka paboma kukasinthanitsa. M'dzinja msewu umenewo unkasanduka phala, moti mwina njinga ndi imene inkakwera ine.

Si mabuku onse amene ndinkasunga. M'mitolomo munkabweranso ena a anthu ouluka, aja ovala kabudula wamkati pamwamba pa thalauza. Amenewo ndinkawasiyira Che Amadu kuti akulungire sopo. Munthu wouluka sadziwa kuphwa kwa tayala, ndiye angandiuze chiyani ine? Wanga anali wopanda manoyu. Dzina lake lachizungu linkatipinda lilime, choncho tinangomutcha Magweru, ndipo m'nyumba muno ndi Magweru mpaka lero, kaya foni ikuti chiyani.

Magweru sanali munthu woti ungamuitane paukwati. Ankamwa, ankaba galimoto akafuna kupita kwina, sankapereka moni. Apolisi ankamusaka, zigawenga nazonso zinkamusaka. Koma akapeza wamphamvu akupondereza wosauka ankalowererapo, ndipo wamphamvuyo ankatuluka atanyamulidwa. Akamaliza sankadikira zikomo. Buku lina anapulumutsa mayi wamasiye kwa anthu ofuna kumulanda nyumba, kenako pochoka anamubera nkhuku. Ife matenanti tinaseka mpaka misozi, chifukwa anthu otero tinkawadziwa, ena tinkagona nawo msasa umodzi.

Lamulungu masana, ntchito yosoka fodya ikaima, amuna ankasonkhana m'chigafa kuti ndiwawerengere. Ndikati kuwerenga musaganize zambiri. Chizungu changa chinathera Sitandade 4. Ndinkatola liwu limodzi apa, lina apo, zotsalazo ndinkadzaza ndekha poyang'ana nkhope. Magweru wa m'chigafa chathu ankalankhula Chichewa cha ku Dedza ndipo ankatukwana bwino kwambiri. Vuto linali lakuti omvera anga omwewo ndi amene ankasirira mapepalawo kuti apichirire fodya, moti ndikamaliza ndinkawerenga masamba ngati mayi akuwerenga anapiye kabawi atadutsa. Usiku mabuku ankagona m'thumba la feteleza, thumbalo n'kukhala pilo wanga.

Tsono mvetsera apa, Tadala, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Wokulunga mchere amayamba kung'amba kunja. Chikuto chimapita choyamba, kenako pepala lotsatira, ndipo pepala limodzi likachoka limatenga tsamba loyamba ndi lomaliza nthawi imodzi. Mabuku anga onse anafika kwa ine opanda chikuto, opanda nambala, opanda chiyambi ndi mathero. Ankabweranso mosatsatana, la kutsogolo chaka chino, la kumbuyo chaka chamawa. Kusanja kunali kwa ine mwini. Ndinkayang'ana zigamba za jekete, poti chigamba chikasokedwa sichichoka. Ndinkayang'ana mdani amene wafa kale ndi amene akadali moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine nthawi ndinali nayo, fodya akapita kumsika.

Buku la kumunda silinachokere kwa Che Amadu. Iwo anandiuza kuti pamsika wa ku Chipata pali mayi wina wokazinga mtedza amene amagula mapepala kwa munthu yemweyo. Ndinapita nyengo yozizira, fumbi lili tolotolo, kudzera njira zathu zam'midzi zimene sizifunsa chiphaso. Mayiyo ndinamupeza akupinda tsamba kuti athiremo mtedza, ndipo ndinamugwira dzanja ndisanapereke n'komwe moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Manje imwe a ku Malawi, mufuna mtedza olo pepa?”

Ndinati pepala. Anaitana anzake kuti adzaone munthu wopalasa njinga kuchoka dziko lina kudzafuna chokulungira. Koma anandipatsa, ine n'kumusiyira mtolo wa mapepala a simenti, ndipo anandiwonjezera mtedza wodya panjira, mwina pondimvera chisoni.

Ndinalitsegula nditakhala pansi pa mtengo wa muwanga, ndisanaoloke n'komwe malire. Munalibe ndewu m'bukumo. Magweru anali kumunda, wopanda jekete, akulima. Panali mkazi atanyamula khanda, panali kanyumba ndi nkhokwe yachizungu. Munthu amene m'mabuku ena onse sanamwetulirepo, muno ankaseka tsamba lililonse, ndipo mano anali odzaza m'kamwa. Tsamba lomaliza mwa otsalawo anali ataima pakati pa mizere, dzanja pamphumi, akuyang'ana fumbi la lole ikubwera kutali. Ine ndinati awa ndi abale akubwera kudzamulonjera. Ndinakondwa kwambiri tsiku limenelo, ngati kuti wabwerera kwawoyo ndi m'bale wanga.

Che Amadu atalisanthula anapukusa mutu. Iwo anati m'sitolo katundu amafika wathunthu n'kumasweka pambuyo pake, ndiye buku la mano athunthu liyenera kukhala loyamba. Ine ndinati mano amagula. Amuna angati anabwera kuchokera ku Joni ndi mano ogula, ena mpaka agolide, n'kumaseka dala pamaliro kuti anthu aone? Nkhani ndinapita nayo kuchigafa, ndipo matenanti onse anali mbali yanga. Kwa ife panalibe chokambirana. Mwamuna amachoka kwawo, amavutika kumigodi kapena m'fodya wa eni ake, amachita zimene sangauze mayi ake, kenako amabwerera n'kukagwira khasu pamunda pake. Nkhani ya munthu imathera kumunda. Amene sabwerera ndi mtchona, munthu wotayika kuchilendo, ndipo palibe aliyense m'chigafamo amene ankafuna kumva kuti watha zaka akutsatira nkhani ya mtchona. Aliyense wa ife anali ndi munda wake m'mutu. Che Amadu anangoti chabwino, mabuku ndi anu, ndipo anabwerera kusikelo yawo.

Agogo anu aakazi, a Naphiri, ndinawapeza m'mudzi uno ndikubwera kudzagula chimanga. Nditalowa chikamwini utenanti ndinausiya. Katundu amene ndinabwera naye anali bulangete lija, khasu lija, ndi thumba la feteleza lodzaza mapepala. Apongozi anaganiza kuti ndi makalata a malo. Atamva kuti ndi zithunzi za munthu wopanda mano anakhala masiku osandiyankhula bwino. A Naphiri sanaseke. Anachotsa zovala zawo m'sutikesi imene ili apoyo, anayala masamba a fodya pansi kuti chiswe chisayandikire, n'kundiuza kuti ndiike mabuku mmene ndikufunira. Ndinawafotokozera nkhani yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Iwo sukulu sanapiteko, koma zithunzi ankaziyang'ana nthawi yaitali kuposa ine. Pa buku la kumunda anakhalitsa, kenako analitseka n'kuliika pansi pamene ndinanena.

Mawu aja mumawamva m'nyumba muno anayambira pamenepo. Mbuzi ikasochera, a Naphiri ankati isiyeni, ngakhale Magweru anabwerera kumunda. Ine ndikachedwa kumowa, mawu anali omwewo. Poyamba inali nthabwala chabe, ndipo anthu oyandikana nafe anayamba kuinena osadziwa n'komwe kuti Magweru ndani. Ena ankaganiza kuti ndi munthu wa kwa Mavwere.

Bambo anu Daisoni anaphunzirira kuwerenga pa mabuku omwewa. Chizungu anandipitirira ali wamng'ono, ndipo ankandikonza ndikamanamizira Magweru mawu. Koma buku la kumunda sankalikonda, ankati ndi lotopetsa, mulibe chochitika. Atakula khasu linamulemera. Anayamba kuolotsa katundu panjinga, shuga kupita uko, zitenje ndi mafuta kubwera kuno, kudzera njira zomwe zija ndinadzera ine pofuna pepala. Anali wamtima wapachala ndiponso wopatsa. Ankatha kumenya munthu m'mawa, madzulo n'kukalipirira mwana wa munthu yemweyo kuchipatala. Anamangidwapo kutsidyako, anatuluka, anakhala pakhomo nyengo imodzi ya dzinja. Kenako ananyamukanso, iwe Tadala utangoyamba sukulu, Mphatso ali kumsana. Anati akukaona ntchito ku Lusaka. Tinamva kuti ali kumeneko, kenako tinamva kuti wapitirira kumigodi, kenako sitinamvenso kanthu. Mayi anu anadikira mpaka pamene anatopa, n'kupita kukagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ena amati mabuku ndi amene anamuwononga. Ine sindikhulupirira. Anyamata ambiri a m'malire muno anatenga njira yomweyo osaonapo Magweru. Koma kuchokera nthawi imeneyo mawu aja anasiya kukhala nthabwala. Munthu akafunsa a Naphiri pachitsime ngati pali uthenga, amayankha kuti palibe, koma ngakhale Magweru anabwerera kumunda. Azibale awo anabwera kudzanena kuti tichite mwambo, timuyese womwalira, mtima ukhale pansi. Iwo anakana ndi mawu omwewo. Chigawo cha munda cha kumtunda chija, chimene mumadandaula kuti n'chamiyala, amalimitsa chaka chilichonse chifukwa ndi cha Daisoni, ndipo safuna kuti akadzafika adzapeze tchire. Agogo anu si opusa, akudziwa kuti Magweru ndi inki papepala. Koma munthu amafuna pogwira, ndipo iwo anagwira pamenepo.

Ndiye dzulo iwe unabwera ndi foni yako. Unajambula tsamba limodzi, foni n'kukuuza dzina lenileni la munthuyo, dziko limene anajambulidwa, ndi mndandanda wonse. Unandiuzanso kuti kunja kuli anthu amene amatolera mabukuwa n'kumawasunga m'mapulasitiki osawatsegula. Amenewo ndi anzanga, ngakhale sindikumvetsa kuti buku losatsegula amalimva bwanji kukoma. Kenako unandionetsa pafonipo masamba amene mayi wa mtedza uja anakulungira malonda ake. Lole ija sinali ya abale. Anali anthu odzalanda munda. Anatentha nkhokwe, anamugulula mano ndi chitsulo, banja linabalalika, ndipo Magweru anayambira pamenepo. Ndinakufunsa za buku lomaliza lenileni, limene ine ndilibe. Unati amathera pamsewu, akupita kwina, ndipo kumunda sabwererako.

Sindinakukalipire, ndipo sindikukalipira lero. Unachita bwino, zoona ndi zoona. Che Amadu anali olondola, ndipo akanakhala moyo ndikanapalasa njinga kukawauza, iwo akanangoti chabwino n'kupitiriza kuyeza mchere. Za ine ndekha sizinandipweteke kwambiri. Ndakalamba, ndalakwitsapo zinthu zazikulu kuposa kusanja mapepala. Chimene chinandigwira chinali mantha. Iwe unkafotokoza mokweza, mokondwa ngati wakhoza mayeso, ndipo agogo ako anali pakhomo la khitchini akusankha nyemba. Sanatukule mutu. Ine ndinadziwa kuti amva zonse, ndipo ndinaopa kuti tawalanda chinthu chokhacho chimene chimawadzutsa m'mawa kupita kumtunda kuja.

Lero m'mawa inu mutapita kusukulu ndinawatsatira kudimba. Ndinawapeza akuthirira mpiru. Ndinayamba mozungulira, za mbozi, za mtengo wa feteleza, mpaka iwo anaika kheni pansi n'kundiuza kuti ndinene chimene ndabwerera. Ndinati mwana uja sanalakwe, buku lija ndi loyamba ndithu, ine ndi amene ndinasanja mobwerera, ndipo mawu amene takhala tikunena zaka zonsezi alibe pokhala.

Anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira mayi wa mtedza uja.

“Bambo a Daisoni, mukuganiza kuti ndamva dzulo? Ndinaona tsiku lomwe munanditsegulira bukulo.”

Ndinati mwina akunena za mano, ndipo ndinayamba kufotokozanso za amuna a ku Joni. Anandidula.

“Mano amagula, inde. Kuseka kuja sagula. Kumene kuja n'kuseka kwa munthu amene sanaone kanthu. Munthu amene wachita zimene anachita Magweru, ngakhale abwerere, saseka choncho.”

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati poyamba ndinali mkamwini watsopano wobwera ndi thumba la mapepala, aliyense akundiseka, ndiye sanafune kuwonjezerapo. Pambuyo pake, Daisoni atapita, anaona kuti mmene ndinasanjiramo ndi mmene iwo akufunira. Anati wojambulayo anali ndi ufulu woyambira kumunda n'kuthera pamsewu, poti iye alibe mwana amene akumudikira. Atatero anatola kheni n'kupitiriza kuthirira, ine n'kutsala nditaima pamzere ngati choopsezera mbalame.

Ndiye wamva, Tadala. Amene anakwera pampando ndi maondo awo aja, m'mawa inu musanadzuke, ndi agogo ako aakazi. Mabuku enawo sanawakhudze, ali mmene unawasanjira, ndipo ndaona kuti malo angapo foni yandikonza bwino. Anasuntha limodzi lokhalo.

Usandiyang'ane choncho, ine sindikudziwa ngati bambo ako ali moyo. Sindikuuza kuti adzabwera, sindikuuzanso kuti sadzabwera. Ndamuikapo m'manda mumtima mwanga kangapo, n'kumufukulanso ndikamva njinga yaima pamsewu. Ndimamusowa, ndipo masiku ena ndimamukwiyira. Mabukuwa adzakhala ako, poti ndiwe wekha amene umawatsegula osanyowetsa chala ndi malovu. Ukadzafuna kuwaika m'mapulasitiki udzawaike.

Koma pochoka kudimba agogo ako anandituma mawu, ndipo ndikupatsa monga anandipatsira. Anati ndikuuze kuti foni yako sinaname, ndipo usaope kuwerenga mokweza.

“Koma buku la kumunda likhale pansi. Bambo ake akadzalowa pakhomo pano, Tadalayo adzalikweze pamwamba yekha.”

Mphatso, makoko a mtedza sataya m'lichero momwemo. Tadala, tseka sutikesiyo uibweze pamwamba, ndikumva nyimbo za amayi zayandikira kumsewu.